Mafayilo Oyesera Amene Ndinakana Kuchotsa

Kope limene ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku ndili Fomu 4 ndikadali nalo. Pa tsamba lina la teremu yachiwiri pali mizere iwiri yokha: "Lero ndawagonjetsa Madamu pa mtsutso. Mafayilo anga apita nawo." Pambali pake ndinajambulapo kaduwa ndi bolopeni yofiira. Ndinali wokondwa kwambiri tsiku limenelo, ndipo ndikufuna kulemba bwinobwino zimene zinachitika, chifukwa ambiri kwathu kuno anangomva mbali imodzi.

Sukulu yathu ndi ya sekondale yoyendera, chakumtunda kwa msewu wa tala, kufupi ndi Chintheche. Inali ndi chipinda chimodzi chokhala ndi malaputopu asanu akale ndi magetsi a sola. Amene ankasunga makiyi a chipindacho anali mphunzitsi wathu wa masamu, mayi wochokera ku Dedza, amene tonse tinkangowatchula kuti Madamu. Chitonga sankachimva, kondowole, nsima yathu ya chinangwa, anali atalephera kumuzolowera, ndipo kutentha kwa kunyanja kunkawachititsa kuyenda ndi kathaulo paphewa. Koma kompyuta ankaidziwa. Anayambitsa kalabu ya Lachitatu masana, ndipo ine ndinalowa nawo.

Ntchito yathu yaikulu inali kupanga pulogalamu ya kaundula. Ahedi ankavutika kumapeto kwa teremu iliyonse kuwerenga pamanja ana amene alipo, amene ajomba, ndi amene asiya sukulu, kuti atumize lipoti ku ofesi ya maphunziro. Madamu anati kompyuta ikhoza kuchita zimenezo m'kanthawi kochepa. Iwo ndi anzanga ena a mu kalabu analemba pulogalamu yeniyeniyo. Ine anandipatsa ntchito yoiyesa.

Poyamba ndinakhumudwa, ndinkaona ngati andipatsa zotsala. Kenako ndinaikonda. Kuyesa pulogalamu kumatere: umapanga kalasi yabodza, yokhala ndi ana amene ukudziwiratu kuti ndi angati, ajomba kangati, asiya angati. Umaipatsa pulogalamu ija kuti iwerenge. Ikatulutsa yankho losiyana ndi lako, ndiye kuti penapake pathyoka. Makalasi abodzawo tinkawasunga m'mafayilo awoawo, mu foda imene tinaitcha "zoyesera". Kangapo konse mafayilo angawo anagwira zolakwika zimene ngakhale Madamu sanazione, ndipo ankandiyang'ana mwaulemu wina wake.

Pa fomu ya ku ofesi panali zifukwa zingapo zosiyira sukulu: matenda, kusamuka, kusowa fizi, ukwati, mimba, imfa. Kuti ndiyese bwino, chifukwa chilichonse chinafunika mwana wake. Madamu anandiuza kuti ndipeke mayina. Ndinapeka asanu, asanu ndi limodzi, mutu n'kuuma. Kalasi yabodza inkafunika ana ambiri. Ndiye ndinangoyamba kulemba mayina a m'kalasi mwathu monga mmene tinkakhalira, kuyambira desiki yakutsogolo. Sindinaone choopsa. Mayina athu timaitanirana pamsewu, amawerengedwa ku tchalitchi, aliyense amadziwa kuti uyu ndi mwana wa uje.

Mnzanga wa pamtima sanali mu kalabu, koma Lachitatu lililonse ankandidikira kuti tipitire limodzi. Kwawo ndi ku Usisya. Atasankhidwira ku sukulu yathu anabwera kudzakhala ndi mchimwene wa amayi ake, amene ife kuno timati asibweni, mkulu wa mpingo wa cha ku Bandawe. M'kalasi ankandiposa pafupifupi pa chilichonse, ndipo pakamwa pake panalibe chotsekera. Tsiku limenelo anakhala pawindo akudya mango osapsa ndi mchere.

"Iwe, ukuchedwatu. Ukulemba kalata ya chibwenzi kapena?"

"Ndikugawa mavuto," ndinatero. "Ndikufuna mmodzi womwalira, mmodzi wokwatira, mmodzi wa mimba."

"Womwalirayo ulembe ahedi."

"Ahedi si mwana wa sukulu."

"Chabwino, ine undipatse ya mimbayo. Ukwati sindikufuna, mwamuna amavuta kuchapira." Anatsika pawindo n'kudzayang'ana. "Ulembe ya miyezi ingati?"

"Palibe polemba miyezi."

"Pulogalamu yanji yosafunsa miyezi? Azimayi a pa mjigo amaiposa."

Tinaseka mpaka Madamu anatiyang'ana. Ndinalemba dzina lake lonse, Fomu 4, chifukwa: mimba. Ine ndinadzilemba kuti ndasamukira ku Mzuzu. Mnyamata wina wovuta wa desiki yakumbuyo ndinamupatsa ukwati. Koma pa imfa ndinaima. Ndinaopa kuitanira munthu wamoyo tsoka, choncho pamenepo ndinapeka dzina losakhala la munthu aliyense. Mpaka pano ndimadzifunsa kuti bwanji mantha amene ndinali nawo pa imfa sindinakhale nawo pa mimba.

Panapita miyezi. Pulogalamu inayamba kugwira ntchito, ahedi anamaliza lipoti lawo tsiku limodzi, ndipo anakanena kwa anzawo a sukulu zina. Aphunzitsi a sukulu za m'dera lathu anali ndi msonkhano Loweruka lina, ndipo anapempha Madamu kuti abwere nayo pa fulashi, aliyense akopere.

Lachisanu masana tinasonkhana kuti tikonze zoika pa fulashipo. Madamu anatsegula mafoda n'kumaloza.

"Iyi ipita. Iyi ipita. Ya zoyeserayi itsala kuno."

Ndinafunsa msanga: "Madamu, itsalirenji?"

"Amene akukagwiritsa ntchito sakuifuna. Iwo akufuna kulemba ana awo, basi. Akapeza makalasi awiri, lenileni ndi labodza, asokonezeka. Telala akasoka diresi sapereka pamodzi ndi tizidutswa timene anayesera makina."

"Koma makompyuta awo si ofanana ndi athu," ndinatero. "Mukukumbukira laputopu ija imene imaiwala tsiku ikazima? Inawerenga kuti ana onse ajomba teremu yonse. Anagwira zimenezo ndi mafayilo oyesera. Ku sukulu zina kulibe netiweki, inu simungayende konse. Akakopera, adziwa bwanji kuti yakhala bwino? Angodina pamodzi, aone kuti zonse zatheka, ayambe ntchito mtima uli m'malo."

Madamu anapukuta nkhope ndi kathaulo kaja. Zimene ndinanenazo zinali zoona, ndipo ndikuzikhulupirirabe. Koma si zokhazo zimene zinali mumtima mwanga. Ntchito yanga yonse ya miyezi inali mu foda imeneyo. Ikanatsala, sukulu zinazo zikanalandira ntchito ya anzanga, yanga ayi. Ndinkafuna kuti china chake chimene ndinapanga ndi manja anga chituluke m'mudzi mwathu.

"Wanena zomveka," Madamu anatero potsiriza. "Ipite. Koma mayina ali m'menemo ndi opeka, eti?"

Dzina la mnzanga linandibwerera m'mutu nthawi yomweyo. Ndinaopa kuti ndikanena zoona anena kuti nthawi yosinthira palibe, fodayo itsale. Ndinaganiza kuti ndisintha ndisanapite kunyumba.

"Eya, Madamu."

Batire ya sola inatha tisanamalize, chipinda chinatsekedwa, ndipo m'mawa mwake fulashi inakwera minibasi m'chikwama cha Madamu.

Kwa milungu itatu sindinamve kanthu, mpaka ndinaiwala. Ndiye Lamlungu lina masana amayi anga anabwera kuchokera kokavuula chinangwa, beseni lili pamutu, nkhope itasintha. Sanatule n'komwe.

"Mnzako uja wachita chiyani?"

"Uti, ama?"

"Wa ku Usisya. Usandibise, mumayenda limodzi."

Anandikokera kwa mayi wina woyandikana nafe amene ali ndi foni yaikulu. Pa foniyo panali chithunzi cha galasi la kompyuta. Pamwamba panali dzina la sukulu yathu. Pansi pake: "Ophunzira amene asiya sukulu teremu ino." Ndiye mndandanda. Dzina la mnzanga linali lachitatu, ndi chifukwa chake pambali. Munthu wina pa imodzi ya sukulu zija anadina poyesera monga ndinafunira, pulogalamu n'kutulutsa lipoti la kalasi yabodza ija, iye n'kulijambula. Sindikudziwa kuti anali ndani, ndipo mwina sanafune choipa, mwina anangozindikira dzina n'kutumizira mbale wake kuti afunse. Mawu oti "zoyesera" anali pa dzina la foda basi. Pa tsamba lenilenilo sindinalembepo chilichonse chosonyeza kuti ndi zabodza. Linkaoneka ndendende ngati lipoti la ahedi, chifukwa ndi mmene tinalipangira.

Chithunzicho chinali chitayenda kale m'magulu a pa foni: la amayi a mpingo, la anthu akwathu okhala ku Joni, la amene anaphunzira pa sukulu yathu kale.

"Ama, ndi zabodza izi. Ndinalemba ndine. Onani, inenso ndalembedwa kuti ndasamukira ku Mzuzu, koma si ndili pano?"

Mayi wa foniyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kapena akufuna akusamutse usanatengere za mnzako."

Ine ndi amayi anga tinabwerera kunyumba. Atatula beseni anangoti, "Unalemba ndi dzanja lako?" Nditavomera anakhala pansi pakhonde n'kugwira tsaya.

Lolemba mnzanga anabwera ku sukulu. Ndinamupeza pa mpanda, atamanga lamba wa siketi mothina kuposa masiku onse. Atsikana a Fomu 2 ankadutsa n'kumamuyang'ana pamimba. Mnyamata uja ndinamupatsa ukwati anali atazunguliridwa ndi anzake akumutcha bambo a kunyumba, iye akuyenda monyada, akufunsa amene angamubwereke khasu la kumunda kwa apongozi. Kwa iye zinali zosangalatsa, ndipo zinatha mlungu womwewo.

Ndinayamba kulira ndisanalankhule.

"Iwe, pukuta," mnzanga anatero. "Akaona ukulira aziti wandiperekeza kale ku sikelo. Ndinapempha ndekha, si choncho? Zitha izi."

Madamu anandiitanira m'chipinda cha makompyuta. Sanakalipe. Anatsegula fayilo ija n'kuwerenga mayina onse mmodzimmodzi, mpaka pansi.

"Ndinakufunsa," anatero.

"Munandifunsa, Madamu."

"Inenso ndinayenera kutsegula ndekha ndione. Tonse awiri tili ndi mlandu, koma amene akulipira si iwe kapena ine."

Ahedi analengeza pa asembule kuti chithunzi chimene chikuyenda ndi chabodza ndipo palibe mwana amene wachotsedwa. Sanatchule dzina, koma ana onse anatembenukira kumene mnzanga anaima. Amene sanamve anamva tsiku limenelo, ndipo madzulo anakafotokoza kwawo.

Asibweni ake sanadikire kuti ahedi awalembere kalata. Lachiwiri m'mawa anamutenga okha kupita naye kuchipatala. Anamuyeza, ndipo anapezeka kuti alibe mimba. Nditamva ndinathamanga kukauza amayi anga, ndikuganiza kuti basi zatha. Koma pofika Lachisanu nkhani inali itasintha. Mu teremu yoyamba mnzanga anadwala malungo n'kujomba milungu iwiri, ndipo anabwerako ataonda. Anthu anakumbukira zimenezo. Anati inalipo, anachotsa. Anati sukulu ikubisa kuti isachite manyazi, ndipo mwana wa ujeni, kutanthauza ine, akudziika mlandu chifukwa ndi amene anamuthandiza. Mayi wina pa msika wa ku Chintheche anafunsa amayi anga kuti, "Nanga kompyuta ingalote dzina la munthu?"

Mnzanga anasiya nthabwala. Pa nthawi yopuma ankatsala m'kalasi. Lolemba lotsatira sanabwere, ndipo mwana wa asibweni ake anandiuza kuti akumubweza ku Usisya.

Ndinapempha Madamu kuti tipite kwa asibweniwo ndi laputopu. Tinapita Loweruka m'mawa pa kabaza. Tinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde, magalasi ali pamphuno. Ndi munthu wodekha, wolankhula pang'onopang'ono. Aliyense kwathu ankadziwa kuti zaka zingapo m'mbuyomo mwana wawo woyamba anatenga mimba ali Fomu 2, ndipo iwo, mkulu wa mpingo, anakhala pa bwalo la akulu anzawo akumva mlandu wa m'nyumba mwawo. Potenga mwana wa mlongo wawo analonjeza kuti zotere sizidzachitikanso.

Anatipatsa mipando, ndipo chifukwa cha Madamu analankhula Chichewa. Madamu anafotokoza zonse. Kenako ine ndinagwada pambali pawo ndi laputopu, ndinafufuta dzina la mnzanga, n'kulemba langa, n'kudina. Tsamba lomwe lija linatuluka, dzina la sukulu pamwamba, ine ndili wa mimba.

Anayang'ana nthawi yaitali. "Lembanso langa," anatero.

Ndinalemba. Linatuluka dzina lawo, Fomu 4, mimba. Anatulutsa mpweya m'mphuno ngati akufuna kuseka, koma sanaseke.

"Ndaona, Madamu. Ndakhulupirira. Ndinali nditakhulupirira kale kuchipatala kuja. Koma makina anuwa muyenda nawo nyumba ndi nyumba? Mukafika nawo ku Joni? Mkazi wanga wasiya kupita ku msonkhano wa amayi. Mlongo wanga akuimba foni tsiku lililonse akulira, akuti ndinakupatsa mwana wabwinobwino, m'bweze ndimuone ndi maso anga. Ndimukanize mwana wake?"

"Bambo, mayeso atsala miyezi itatu," Madamu anatero. "Analembetsa kuno. Mwana ameneyu akhoza kupita ku koleji. Akachoka panopa anthu aziti zinali zoona."

"Akunena kale. Akhale pano azimuloza tsiku ndi tsiku? Nthawi ya mayeso ikakwana, amayi ake akalola, khomo langa lili lotsegula."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Mwana wanga, pa mayina onse a m'kalasi, bwanji pa mimbapo unaikapo lake, osati lako?"

Mnzanga anali ataima pakhomo la kukhitchini, kumbuyo kwawo, atanyamula mbale. Ndikananena kuti anapempha yekha mwanthabwala, asibweni ake akanamva kuti mwana amene akumusunga amasewera ndi mawu otere. Mnzangayo anandiyang'ana osaphethira.

"Ndinalakwitsa, ada," ndinatero. "Sindinaganize."

"Eya. Simunaganize." Anatenganso ukonde wawo.

Mnzanga ananyamuka Lachinayi. Sindinapite ku sukulu m'mawa umenewo, ndinamunyamulira chikwama mpaka pamsewu. Anayenera kukwera minibasi ya ku Nkhata Bay, kenako boti. Mabuku ake onse anali m'thumba la saka lomangidwa ndi chingwe cha ukonde. Tinaima pamthunzi wa golosale.

"Ukanatha kuwauza asibweni kuti ndinapempha ndekha," anatero.

"Zikanathandiza chiyani?"

"Palibe. Ndikungonena kuti ndinaona." Anasuntha thumba ndi phazi. "Ku Mzuzu kwako kuja upita liti? Iwe wako ulendo sunachitike, wachitika wanga."

"Ubwera kudzalemba, eti?"

"Ndiwerenga. Kwathu kulibe chochita, ndiwerenga mpaka mabuku andipemphe kuti ndiwasiye."

Minibasi inafika, kondakitala akukuwa. Anamukankhira mkati pamodzi ndi thumba lake, ndipo sanapeze malo a pawindo.

Madamu anaimbira sukulu zonse zimene zinakopera kuti afufute foda ija, n'kutumiza fulashi ina yopanda zoyesera. Ena anafufuta. Ena anali ataipatsa kale anzawo a sukulu zina zimene sitinkazidziwa. Patapita kanthawi tinamva kuti pa sukulu ina pulogalamu yatsopanoyo inawerenga molakwika chifukwa kompyuta yawo inasokoneza masiku, ndipo palibe anadziwa mpaka lipoti linabwezedwa. Madamu anandiitananso kuti ndilembe mafayilo ena oyesera. Ndinakana poyamba, sindinkafuna kukhudzanso laputopu. Iwo anati, "Mfundo yako inali yabwino. Choipa chinali mayina, ndi bodza lako." Ndinalembanso onse. Ana ake anali Wophunzira 1, Wophunzira 2, sukulu yake inali Sukulu Yongoyesera, ndipo pa mzere uliwonse panali mawu oti si munthu weniweni, kuti ngakhale wina ajambule kachidutswa kokha mawuwo aonekere. Ntchito yonseyo inanditengera masana awiri. Masana awiri okha, ndipo ndikanatha kuichita kale lomwe.

Kulankhula ndi mnzanga kunali kovuta. Kwawoko netiweki imagwira pamalo ena okha, ndipo foni inali ya amayi ake. Ulendo woyamba anandiuza kuti nkhani inafika iye asanafike, ndipo kubwera kwake pakati pa teremu kunangoitsimikiza. Amayi ake anamukhulupirira atamuona, koma sanafune kuti achokenso pamaso pawo. Ankathandiza kuyanika usipa pa thandala. Ulendo wachiwiri anati akuwerengabe, koma mawu ake anali otsika. Ulendo wachitatu anayankha amayi ake, n'kunena kuti wapita kokatunga madzi, ndipo sanandifunse kuti ndili bwanji.

Mayeso atatsala mlungu umodzi, Madamu anaimba okha. Amayi a mnzanga anati mwera wakula panyanja, boti silikuyenda bwino, aona. Asibweni ake anakonza chipinda chake, ndinaona ndekha mphasa itayanikidwa panja. Ndinkapita pamsewu masana aliwonse pa nthawi imene minibasi za ku Nkhata Bay zimafika.

Tsiku la pepala loyamba tinalowa m'holo motsatira manambala. Desiki ya mnzanga inali mzere wa kumanja kwanga, kapepala ka nambala yake katamatidwa pakona. Woyang'anira mayeso anali mphunzitsi wochokera ku sukulu ina, munthu amene sindinamuonepo. Poyenda ndi mndandanda anaima pa desiki yopanda munthuyo, anawerenga dzina, n'kuweramira kwa mphunzitsi wathu amene anali pakhomo. Analankhula motsitsa, koma m'holomo munali zii.

"Kodi uyu si uja wa mimba?"

Mphunzitsi wathu anapukusa mutu n'kunong'oneza china chake. Woyang'anirayo anati, "Oo," mmene anthu amanenera akafuna kuti nkhani ingotha, n'kulemba pa mndandanda kuti sanabwere. Ndinayang'ana pepala langa kwa mphindi zingapo osaona zilembo. Kenako ndinalemba, chifukwa panalibe china chochita. Desikiyo inakhala choncho mpaka pepala lomaliza.

Mayeso atatha mnzanga anaimba yekha, Lamlungu masana, pa foni ya mayi woyandikana nafe uja. Mphepo inkamveka kwambiri kumene anaima.

"Ndakwera phiri chifukwa cha iwe, ndiye usayambe kupepesa, mayunitsi ndi ochepa," anatero. "Bayoloje inali bwanji?"

"Yovuta."

"Kwa iwe chilichonse n'chovuta. Anafunsa chiyani?"

Ndinali nditalemba mafunso amene ndinawakumbukira nditangotuluka m'holo. Ndinathamangira m'nyumba kukatenga pepalalo, n'kuyamba kumuwerengera. Funso loyamba anayankha ndisanamalize kuwerenga. Lachiwiri anayankha n'kuwonjezera zimene ine sindinalembe. Lachitatu anaphonya, ndipo nditamuuza anatukwana pang'ono m'Chitonga n'kuseka, kuseka kwake kwakale kuja. Lachinayi anakhoza.

"Ukhoza kulembetsa chaka chamawa," ndinatero. "Madamu akuti akhoza kukupezera malo pa sukulu ina, kutali ndi kuno, kumene sakukudziwa."

"Kumene fulashi yako sinafike?"

Ndinangoyang'ana pepala lija.

"Werenga lachisanu," anatero.

Ndili pakati powerenga, netiweki inathawa. Ndinaimbanso kawiri, foni sinalowe. Madamu akuti kulembetsa mayeso a chaka chamawa kutsekedwa posachedwa, ndipo alembera amayi ake kalata imene yapita pa boti mlungu wathawu. Yankho silinabwere.